Zionetsero Zimene Zidakonzedwa pa Foni: Nkhani ya ku Kenya



Nkhani ya lero ndi ya zimene zidachitika m'dziko la Kenya m'mwezi wa Juni chaka cha 2024, pamene anyamata ndi atsikana, opanda chipani, opanda komiti ndiponso opanda mtsogoleri mmodzi wodziwika, adamemana kudzera pa mafoni a m'manja, nadzaza miseu ya mzinda wa Nairobi, mpaka kulowa m'Nyumba ya Malamulo. Kuchokera pa 18 Juni, tsiku loyamba la zionetserozo, kufikira pa 26 Juni, tsiku limene Pulezidenti William Ruto adalengeza kuti sasaina lamulo limene anthuwo ankakana, padangopita masiku 8 okha. Ali yense amene adakonzapo msonkhano wa pa nthambi akudziwa kuti masiku otere nthawi zina sakwanira ngakhale kupeza galimoto lonyamula mipando ndi zokuzira mau.

Gwero la mkanganowo lidali msonkho. Boma la Kenya lidali ndi ngongole zazikulu, kotero kuti pa ndalama zonse zimene linkatolera, zoposa theka zinkathera kubweza ngongolezo, ndipo bungwe la IMF, limene lidalibwereketsa ndalama, linkalimbikitsa kuti litolere zambiri kwa anthu ake. Motero mu Meyi 2024 Boma lidatulutsa bilu ya zachuma yofuna kupeza mashilingi 346 biliyoni oonjezera. M'biluyo mudali msonkho wa 16 peresenti pa buledi, wa 2.5 peresenti chaka ndi chaka pa mtengo wa galimoto, msonkho pa mafuta ophikira, pa matewera a ana ndi mapadi a amai, ndiponso kukweza msonkho wa potumiza ndalama pa foni.

Bilu ya zachuma ndi chikalata chachitali, cholembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo m'maiko ambiri imadutsa m'Nyumba ya Malamulo anthu wamba osaiwerenga. Amadzaimva pambuyo pake, mitengo ya katundu ikakwera m'sitolo. Apa ndi pamene mafoni adagwira ntchito yawo yoyamba, imene ambiri amaiiwala pokamba za zionetserozi. Asadaganize zopita mu mseu, achinyamata odziwa za malamulo ndi zowerengera ndalama adaiduladula biluyo, ndime ndi ndime, najambula makanema a mphindi imodzi kapena ziwiri pa tsamba la mchezo la TikTok, ofotokoza kuti ndime yakuti ikutanthauza kuti buledi akwera chonchi, ndime yakuti ikutanthauza kuti wotumiza ndalama kwa amai ake kumudzi alipira chakuti. Ena adatanthauzira mauwo m'Chiswahili, m'Chikikuyu, m'Chiluo ndi m'zinenero zina, kuti agogo akumudzi nawonso amve. Wina wodziwa za makompyuta adakonza kachipangizo kodalira ChatGPT, kamene munthu ankakafunsa funso liri lonse lokhudza biluyo nkulandira yankho pompo. Kufotokozera anthu lamulo latsopano ndi ntchito ya phungu, ya mkulu wofalitsa nkhani za Boma ndi ya mlembi wa chipani. Koma ku Kenya amene adayamba kuigwira ndi okana lamulolo, ndipo pamene a Boma adadzambatuka kuti afotokoze mbali yawo, adapeza anthu atamva kale, atakwiya kale.

Ntchito yachiwiri idali yofikira aphungu m'matumba mwawo momwe. Manambala a mafoni a aphungu adayamba kuyenda pa X, tsamba limene kale linkatchedwa Twitter, ndi m'magulu a WhatsApp, pamodzi ndi mau a Chiswahili akuti tuwasalimie, kutanthauza kuti tiwapatse moni. Moni wake udali wa mauthenga mazanamazana, usana ndi usiku, ofunsa phungu kuti adzavota bwanji. Padalinso nzeru ina. Ku Kenya munthu akatumiza ndalama pa M-Pesa, foni imamuonetsa dzina la mwini nambala, choncho ena ankatumiza kashilingi kamodzi kapena khumi pofuna kutsimikiza kuti nambalayo ndi ya phunguyodi. Wapampando wa komiti ya zachuma m'Nyumba ya Malamulo, Bambo Kuria Kimani, adanena poyera kuti tindalama totere tidamuunjikira mpaka kupitirira mashilingi 100,000. Ofesi ya Boma yoteteza chinsinsi cha anthu idachenjeza kuti kufalitsa manambala a eni ake popanda chilolezo nkuphwanya lamulo, ndipo idanena zoona. Koma chenjezolo silidabweze munthu.

Ntchito yachitatu ndiyo yomema anthu, ndipo apa mpofunika kukumbukira m'mene zinthu zinkayendera kale. Wofuna kukonza zionetsero ankayenera kukhala ndi komiti, ndalama za mafuta, malole onyamula anthu, ndi munthu wolimba mtima wosaina kalata yodziwitsa akuluakulu a Boma. Boma linkamudziwa munthuyo, kwawo ndi kumene amagona, kotero kuti likafuna kukambirana linkamuitana, likafuna kuopseza linkamuopseza. Ngakhale uthenga wachinsinsi unkafuna miyendo ya munthu. M'Malawi muno akuluakulu akukumbuka kuti mu 1992, itawerengedwa kalata ya Maepiskopi a Chikatolika m'mwezi wa Malichi, makalata ena ambiri ankayenda pa makina a fakisi ndi ochulukitsira mapepala a m'maofesi, ndipo pepala liri lonse linkasowa munthu wolibisa m'malaya ndi kulipereka kwa mnzake, munthu amene akadatha kugwidwa nalo.

Ku Nairobi mu 2024 padalibe pepala lobisa. Chikalata choitanira anthu chidali chithunzi chabe, chimene chidadumpha kuchoka pa foni iyi kupita pa ija: tsiku ndi Lachiwiri pa 18 Juni, malo ndi ku Nyumba ya Malamulo, chovala ndi chakuda, ndipo ali yense anyamule chikwangwani, kampango ndi botolo la madzi chifukwa cha utsi wokhetsa misozi. Sikuti padalibiretu anthu odziwika. Omenyera ufulu monga Bambo Boniface Mwangi adathandiza kufalitsa uthenga woyambawo. Koma utangofika m'manja mwa anthu zikwizikwi udasanduka wa ali yense. Chimene chinkalumikiza onsewo ndi mau amodzi olembedwa pambuyo pa kachizindikiro ka #, akuti RejectFinanceBill2024. Munthu wa ku Mombasa akalemba mauwa pa foni yake ankaona nthawi yomweyo zonse zimene a ku Kisumu, a ku Nakuru ndi a ku Nyeri alemba ndi kujambula, ndipo ankazindikira kuti sali yekha. Ichi nchinthu chachikulu koposa zonse pa nkhani imeneyi, pakuti chimene chimasunga munthu wokwiya m'nyumba ndi mantha akuti akatuluka akapezeka yekhayekha pamaso pa apolisi. Foni idachotsa mantha amenewo munthu asadatsegule chitseko.

Atafika mu mseu, mafoni adasanduka maso ndi makutu. Ambiri adaika m'mafoni awo pologalamu yotchedwa Zello, imene imagwira ntchito monga mawailesi olankhulirana amene apolisi amanyamula, ndipo ankauzana kuti mseu wakuti watsekedwa, galimoto lopopera madzi lakhotera kwakuti, thawirani mbali yakuti. Madokotala ndi anamwino odzipereka adauzana pa mafoni omwewo nakhazikitsa malo othandizira ovulala, ena mwa malowo pa mzikiti wa Jamia pakati pa mzinda. Munthu akamangidwa, dzina lake ndi polisi imene amutengera zinkafalitsidwa, ndipo maloya a bungwe la Law Society of Kenya ankalondola komweko. Za ndalama zolipirira ovulala m'zipatala ndi maliro a ophedwa, anthu adasonkherana pa tsamba la M-Changa mpaka kufika pafupifupi mashilingi 30 miliyoni, ambiri a iwo akupereka tochepatochepa. Komiti ya zachipatala, ya zamalamulo, ya zachuma ndi yofalitsa nkhani, zonse zidalipo ndipo zinkagwira ntchito, koma palibe amene adazisankha, palibe amene adalemba mfundo za msonkhano wake.

Akale adati chakudza sichiimba ng'oma. Koma cha ku Kenyachi chidaimba ng'oma masabata angapo, poyera, pamalo pamene ali yense wokhala ndi foni akadatha kumva. Vuto lidali lakuti akuluakulu ambiri sankafika pamalopo, ndipo ena mwa amene ankafika adaziyesa masewera a ana a m'tauni odya bwino. Boma lidasuntha pa 18 Juni, tsiku lenileni la zionetsero zoyamba, pamene lidalengeza kuti lachotsa msonkho wa buledi, wa galimoto ndi ina ingapo. Mau amenewa akadanenedwa mu Meyi, mwina akadazimitsa moto. Koma pofika tsikulo anthu adali atagwirizana kale pa mafoni kuti sakufuna kuti biluyo ikonzedwe, akufuna itayidwe yonse, ndipo padalibe mtsogoleri woti aimirire nkuuza anzake kuti zimene tapezazi zakwanira, tiyeni tibwerere kunyumba.

Pa 20 Juni aphungu adavomereza biluyo pa kuwerenga kwachiwiri ndi mavoti 204 kwa 115. Maina ndi zithunzi za ovomerezawo zidafalikira madzulo omwewo. Tsiku lomwelo zionetsero zidafika m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Eldoret, kuchigawo kwawo kwa Pulezidenti Ruto, ndipo ku Nairobi mnyamata mmodzi adaomberedwa ndi mfuti nafa. Kenaka pa mafoni padatuluka ndondomeko ya masiku 7, yonena chochita tsiku liri lonse, ndipo chimake chidali Lachiwiri pa 25 Juni.

Tsiku limenelo aphungu adavomereza biluyo kotsiriza ndi mavoti 195 kwa 106. Zotsatira za votiyo zidafika kwa khamu limene lidali kunja m'kanthawi kochepa, pakuti ambiri ankatsatira zokambiranazo pa mafoni. Khamulo lidathyola mpanda, apolisi adaombera zipolopolo zenizeni, anthu adagwa pa chipata, ena adalowa m'kati, mbali ina ya nyumbayo idayaka moto, ndipo aphungu adathawa kudzera njira ya pansi pa nthaka. Madzulo ake Boma lidatulutsa asirikali kuti athandize apolisi, ndipo Pulezidenti adalankhula mwaukali, natchula zochitikazo kuti nkuukira dziko. M'mawa mwake Pulezidenti yemweyo adalengeza kuti wamva mau a anthu ndipo sasaina. Bungwe la Boma loona za ufulu wa anthu, Kenya National Commission on Human Rights, lidanena pa 1 Julayi kuti anthu 39 adali ataphedwa ndipo 361 atavulala chiyambire pa 18 Juni. Chiwerengero cha akufa chidakwerabe m'masabata otsatira.

Amai ndi abambo, funso limene limabwera msanga m'mutu mwa wolamulira pa nthawi yotere ndi lakuti bwanji osangodula intaneti. Masana a pa 25 Juni intaneti idafookadi kwambiri m'Kenya, monga lidanenera bungwe la NetBlocks limene limayang'anira zimenezi. Kampani ya Safaricom idati zidachitika chifukwa cha kuonongeka kwa nthambo za pansi pa nyanja, ngakhale anthu ambiri sadakhulupirire. Chodziwika nchakuti khamu lidali kale mu mseu, ndipo silidabwerere.

Dziko limene lidayesa njira imeneyi mokwanira ndi Egypt, mu 2011. Kumeneko zionetsero za pa 25 Januwale zidamemedwa kwakukulu pa tsamba la Facebook lokumbukira Khaled Said, mnyamata amene adafera m'manja mwa apolisi ku Alexandria mu Juni 2010, ndipo mmodzi wa oyendetsa tsambalo mwachinsinsi adali Wael Ghonim, wogwira ntchito ku kampani ya Google. Usiku wa pa 27 Januwale kuchera pa 28, Boma la Pulezidenti Hosni Mubarak lidadula intaneti pafupifupi m'dziko lonse, nkutsekanso mafoni a m'manja m'madera ambiri. Tsikulo lidali Lachisanu, ndipo anthu adanyamukira m'mizikiti atatha mapemphero, ochuluka kuposa masiku onse a m'mbuyo. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa. Munthu amene ankatsatira nkhani ali pampando kunyumba, foni itazima adatuluka kuti akaone yekha. Kholo limene silidathe kuimbira mwana wake lidapita kukamufuna ku bwalo la Tahrir. Intaneti idabwezedwa pa 2 Febuluwale, bungwe la OECD lidawerengera kuti masiku amenewo adataitsa dzikolo ndalama zosachepera madola 90 miliyoni, ndipo pa 11 Febuluwale Mubarak adatula pansi udindo atalamulira pafupifupi zaka 30.

Koma foni imene imanyamula zoona imanyamulanso bodza, pa liwiro lomwelo. Usiku wa pa 25 Juni 2024 mphekesera idafala yakuti apolisi ndi asirikali apha anthu mazana ku Githurai, dera la kunja kwa Nairobi. Anthu sadagone, akutumizirana makanema a mdima omveka kulira kwa mfuti. Atolankhani a BBC atafufuza sadapeze umboni wakuti kudaphedwa anthu ochuluka chotero, ndipo adapeza kuti mmodzi mwa makanema amene adafala adajambulidwa ku Ghana zaka za m'mbuyo. Pa gulu lopanda mtsogoleri palibe woti anene kuti dikirani, nkhaniyi siidatsimikizike. Ndipo Boma limene anthu aleka kulikhulupirira likakana nkhani, kukanako kumangoilimbitsa. Komabe, mafoni omwewo adasunga umboni umene kale ukadafafanizika ndi mvula ya tsiku lotsatira. Mu Epulo 2025 a BBC adatulutsa kanema wotchedwa Blood Parliament, m'mene adasanthula zithunzi zoposa 5,000 zojambulidwa pa 25 Juni, nalondola m'mene anthu atatu opanda zida adaomberedwera pa Nyumba ya Malamulo ndi amene adawaombera.

Gawo limene liyenera kulingaliridwa mofatsa ndi anthu a ndale ndi la zimene zidatsatira biluyo itatayidwa. Pulezidenti Ruto adafuna kukambirana, ndipo adalengeza za bwalo lokumanirana magulu osiyanasiyana a anthu, kuphatikizapo achinyamata. Koma akadaitana yani? Achinyamatawo ankanyadira kuti alibe mtsogoleri, alibe chipani, alibe mtundu, ndipo ali yense amene ankaoneka ngati akufuna kuwaimira ankanyozedwa pa mafoni pomwepo kuti wagulidwa. Kusowa mtsogoleri kumene kudalepheretsa apolisi kudula mutu wa zionetsero ndi kumenenso kudasowetsa munthu wokhala pa tebulo. Potsiriza Pulezidenti adawatsatira kwawo komweko. Pa 5 Julayi adakhala maola angapo pa X, pa bwalo lolankhulirana ndi mau, akufunsidwa mafunso ndi anyamata ndi atsikana amene sankamuopa, ena akumuuza maso ndi maso, ngakhale sankaonana, kuti akunama. Kudali kulimba mtima ndithu, koma pa bwalo lotero sipasainidwa pangano, pakuti wolankhula ali yense amadziimira yekha.

Pa 11 Julayi Pulezidenti adachotsa nduna zake pafupifupi zonse, kusiyapo Bambo Musalia Mudavadi, ndipo tsiku lotsatira mkulu wa apolisi, Bambo Japhet Koome, adatula pansi udindo. Mipando idakhala yopanda anthu. Amene adali ndi komiti, ndi maina okonzeka ndi mtsogoleri wotha kugwirana chanza ndi Pulezidenti sadali achinyamata aja ai, koma chipani chotsutsa cha ODM, chimene ankatsogolera Bambo Raila Odinga. Mwezi wa Julayi usadathe, akuluakulu anai a chipanicho adasankhidwa kukhala nduna, ena mwa nduna zakale adabwerera, ndipo unduna wa zachuma udapita kwa Bambo John Mbadi a ODM. Ku Egypt nakonso zidatero mwa njira yake: achinyamata a pa Facebook adagwetsa Mubarak, koma chisankho cha 2012 adapambana ndi Mohamed Morsi wa gulu la Muslim Brotherhood, limene lidali ndi nthambi m'midzi kwa zaka zambirimbiri, ndipo mu 2013 asirikali adamuchotsa. Ku Kenya ngongole sizidathe chifukwa choti bilu yatayidwa. Mu Disembala 2024 misonkho ina idabwerera kudzera m'malamulo ena, Bambo Mbadi ali nduna, miseu iri zii.

Izi sizitanthauza kuti moto udazima. M'miyezi yotsatira achinyamata angapo odziwika pa masamba a mchezo adasowetsedwa ndi anthu obisa nkhope, ena nkudzapezeka patapita masiku, ndipo mabungwe a ufulu wa anthu adaloza chala a chitetezo, apolisi akukana. Kufalitsa dzina pa foni kudali kutasanduka mpeni wakuthwa konsekonse, pakuti amene adamema anzake poyera adadzionetsanso poyera kwa omufuna. Mu Juni 2025 mphunzitsi wina wolemba pa intaneti adafera m'chitokosi cha apolisi ku Nairobi atamangidwa chifukwa cha zimene ankamuganizira kuti adalemba zokhudza mkulu wina wa apolisi, ndipo mafoni adayambanso kulira. Pa 25 Juni 2025, pokumbukira chaka chimodzi, makamu adatulukanso m'mizinda yambiri ndipo anthu oposa khumi adaphedwa. Tsikulo bungwe la Boma loyang'anira zofalitsa mauthenga lidalamula mawailesi onse, a mau ndi a kanema, kuti aleke kuulutsa zionetserozo pamene zikuchitika, ndipo mawailesi a kanema amene adakana adazimitsidwa. Bwalo lalikulu la milandu lidaimitsa lamulolo tsiku lomwelo. M'maola amene makanema a m'nyumba adali mdima, mawailesi omwewo adapitiriza kuulutsa pa YouTube ndi pa Facebook, ndipo anthu adaonera pa mafoni.